Ottilia Asinthanitsa Galimoto ya a Chulu

Ku Katete kunalibe munthu wosaidziwa galimoto ya a Fanwell Chulu. Inali yaing'ono thupi koma yaitali miyendo, yobiriwira, ya matayala a mano akuluakulu, ndipo inkamveka isanaoneke. A Chulu anaigula atatsala pang'ono kupuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Atapuma sanakhale pansi ayi. Alimi a thonje ndi nshawa a ku Sinda ndi ku Vubwi ankawaitanabe, iwo n'kumapita, kudutsa m'makwawa ndi m'mapiri momwe minibasi sizifika, n'kubwerako fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

Chaka chatha, anthu ali pakati pokolola, a Chulu anagwa kuseri kwa nyumba akutsuka khasu. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo unatsala, koma dzanja ndi mwendo wakumanzere zinalemera, lilime nalonso linalemera. Munthu amene ankaimirira pansi pa mtengo n'kulankhula ndi alimi mpaka mthunzi kusuntha, tsopano liwu limodzi ankachita kulikoka ngati chidebe cha m'chitsime chakuya. Poona kuti anthu akuvutika kuwamva, anayamba kungokhala chete.

Zonse zinagwera mkazi wawo, Ottilia. Iye ankaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba, ndipo kuyendetsa galimoto anaphunzitsidwa ndi amuna akewo kalekale. Ankatha, koma galimotoyo sankaikonda. Kalachi yake inali youma ngati chitsa, giya inkalowa mochita kukankha ndi phewa, ndipo akafika kunyumba bondo linkamuwawa mpaka pogona.

Koma vuto lenileni silinali bondo lake. Sabata iliyonse a Chulu ankafunika kuchipatala kukachita mafizo, ndipo galimoto ija inali yokwera. Munthu wabwinobwino ankagwira chitsulo cha pamwamba pa chitseko n'kudzikoka. A Chulu sakanatha. Ottilia ankaitana amuna awiri oyandikana nawo nyumba, wina kugwira m'khwapa, wina m'miyendo, n'kuwakweza. Pofika kuchipatala, kufunanso ena owatsitsa, anthu a pamzere maso ali pa iwo.

Tsiku lina mmodzi mwa onyamulawo, pofuna kuseketsa, anati, "Tiyeni, thumba la fetereza likwere!" Sanali ndi mtima woipa. A Chulu anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Koma sabata yotsatira Ottilia atawatengera jekete, anapukusa mutu.

"Ayi."

"Atate ake Mercy, adokotala anati mukasiya mwendo uuma."

"Ayi."

Ndipo anasiyadi. Kuchokera kuchipinda kupita pakhonde, kuchokera pakhonde kubwerera kuchipinda, ndi ndodo, basi. Galimoto yawo inkaima pansi pa mtengo wa mango, pomwe ankaiona tsiku lonse. Mwana wawo Mercy, amene anakwatiwa ku Sinda, anabwera ali ndi pakati kudzawanyengerera, koma anabwerera misozi ili m'maso. Mwendo unayambadi kuuma.

Mazira ake Ottilia ankaperekera pa shopu ya a Sumani, pafupi ndi msika. A Sumani ankakhala m'shopu. Woyendayenda anali mkazi wawo Hanifa, mayi wobadwira ku Malawi, wolankhula mofulumira, amene nyengo yokolola ikafika ankapita m'midzi ya ku Vubwi kukagula nshawa, zimene mpaka lero ankazitchulabe mtedza. Mwana wawo Tahir, wogwira ntchito ku Lusaka, anali atawaitanitsira amake galimoto kuchokera ku Japan kuti asamavutike ndi malole a anthu. Inali yaing'ono nayonso, yasiliva, yosalala, yopanda kalachi.

M'mawa wina wa mwezi wa Meyi Ottilia anaipeza galimotoyo itaima kuseri kwa shopu, miyendo ya Lameck makaniko itatulukira kunsi kwake, Hanifa ataima pambali manja ali m'chiuno.

"Amake Tahir, yatani yatsopanoyi?"

"Amake Mercy, musandifunse. Mwanayu anandigulira nsapato ya ku ukwati kuti ndizipita nayo kudimba. Ndikangodutsa Chadiza, mwala uliwonse ikufuna kuupsompsona ndi mimba. Dzulo ndabwera ndikukoka chipulasitiki cha pansi ngati mchira."

"Iyi ni motoka ya pa tala, amai," anatero Lameck ali pansi pomwepo. "Injini ilibe mulandu. Koma ku Vubwi muzaipaya chabe."

Kunja kunali kamphepo, ndipo Hanifa anatsegula chitseko chakutsogolo. "Lowani tichezere muno, ine ndazizidwa."

Ottilia anatembenuka, n'kukhala. Atakhala anadabwa. Sanagwire chitsulo chilichonse, sanadzikoke, sanakwinye chitenje. Anangokhala monga amakhalira munthu pa mpando wa pabalaza, kenako n'kulowetsa miyendo. Anatuluka. Anakhalanso. Anatulukanso, n'kuyesa ndi mwendo umodzi, winawo akuukoka dala, dzanja lamanzere atalipinda pachifuwa.

Hanifa anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzakeyo analeka.

"Mukuganiza za abambo," anatero.

Ottilia anangogwedeza mutu.

Kenako Hanifa anasuzumira pagalasi n'kuyang'ana galimoto yobiriwira ija, itaima potero ndi matileyi a mazira kumbuyo, matope akale atauma m'matayala.

"Yanu ija imafika mpaka kumalire?"

"Palibe kumene sinafikeko."

"Ndiye ife tikuvutikiranji, amake Mercy? Inu muli ndi yanga, ine ndili ndi yanu."

Lameck anaziunika zonse ziwiri sabata yomweyo, n'kuuza aliyense zoona zake pamaso pa mnzake. Kwa Hanifa anati yobiriwirayo ndi yakale, imamwa mafuta ngati ng'ombe m'chilimwe, pa tala imanjenjemera, koma fupa lake ndi lolimba. Kwa Ottilia anati yasilivayo isamaone mtsinje, isamasenzetsedwe matumba ambiri, ndipo ikadwala zamagetsi mankhwala ake ndi a ku Chipata kapena ku Lusaka. A Sumani anamvetsera zonse, anamuimbira Tahir, n'kunena kuti ngati amayi awiriwa agwirizana iwo saonapo choletsa. Pasakhale wowonjezera kanthu, aliyense atenge imene ikumuthandiza.

Kunatsala a Chulu.

Ottilia anawauza masana, atakhala nawo pakhonde akusankha nyemba. Anayamba ndi za bondo lake, kenako za mafuta, kenako anaona kuti akungozungulira, n'kunena chilungamo.

"Ndikufuna muzikwera nokha. Sindikufunanso munthu wina azikugwirani."

A Chulu anayang'ana galimoto yawo pansi pa mango. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nsagwada ikugwedera.

"Chitani," anatero potsiriza.

Ottilia anakhala nawo m'banja zaka zambiri, ndipo ankadziwa kusiyana kwa "chitani" wovomera ndi "chitani" wa munthu amene walandidwa. Uyu anali wa wolandidwa. Komabe anachita. Mapepala osinthanirana galimoto a Chulu anawasaina osawawerenga. Tsiku limene Hanifa ndi a Sumani anabwera kudzasiya yasiliva ndi kutenga yobiriwira, a Chulu sanatuluke m'chipinda, ngakhale a Sumani anaima pakhomo n'kuodira mwaulemu. Hanifa anailiza yobiriwirayo, inazima. Anailizanso, inadumpha ngati mbuzi, kenako inatuluka pageti, mkokomo wake n'kumamveka mpaka kumsewu waukulu. Ottilia atalowa m'nyumba anapeza amuna ake atagona choyang'ana kukhoma, nsapato zili kumapazi. Anawavula nsapatozo, mumtima akudzifunsa ngati sanalakwe.

Nkhani sinachedwe kufika ku Mkaika, kwa a Judith, alongo awo a Chulu. Anabwera pa njinga ya kabaza, ndipo madzi akumwa anawalandira ataima.

"Alamu, munthu akadali moyo mwayamba kale kugawa katundu wake?"

"Sindinagawe, alamu. Ndasintha, kuti azitha kupita kuchipatala."

"Ndiye apitako?"

Ottilia anapukusa mutu. A Judith anatembenukira kwa alongo awo. "Achimwene, munavomera inu zimenezi?" A Chulu anangoyang'ana ndodo yawo. Dzuwa litapendeka Ottilia anawaperekeza alamu akewo pa galimoto yomweyo. A Judith anayamba ulendowo akudandaula kuti mipando ndi yofewetsa ngati ya anthu aulesi, koma asanafike n'komwe pokhotera anali atagona, kukamwa kuli yasa. Potsika anangoti, "Imayenda bwino, koma nkhani yanga ili pomwepo."

Masiku oyambawo galimotoyo inamuchititsa manyazi Ottilia kangapo. Akangoiliza, mawu a mkazi ankatuluka penapake pafupi ndi chiwongolero, aulemu, ofewa, m'Chijapani. Ulendo woyamba anatembenuka kuyang'ana kumpando wakumbuyo. Lameck anati mayiyo amangopereka moni ndi kudandaula za khadi la misewu ya kwawo, ndipo kumutseka pakamwa n'kovuta. Ottilia anazolowera kumuyankha. "Tauka bwino, kaya inu," ankatero, n'kunyamuka. Kagalasi ka pawailesi kankaonetsa mapu a dziko lina, kamuvi kakuyandama pakati pa nyanja iye ali pamsika wa Katete. Koma akaika giya yobwerera m'mbuyo, pomwepo pankaoneka zonse za kumbuyo, mpaka mbale ya galu. Ichi anachikonda.

Mwendo wakumanzere ndiwo unavuta kumva. Unazolowera ntchito, ndipo m'mawa wina, akuyandikira mahampu a pamsewu waukulu, unapita wokha kukafuna kalachi n'kupeza buleki. Galimoto inaima nji! Matileyi anauluka. Ottilia atatsegula kumbuyo anapeza mazira atasanduka phala, anthu odikira minibasi akugwira m'mimba ndi kuseka. Kuyambira pamenepo ankaupindira kumbuyo mwendowo, n'kumauuza ngati mwana kuti ukhale pomwepo.

Anaphunziranso kuti akanyamula matumba a chakudya cha nkhuku, hampu iliyonse ayenera kuikwera chopingasa, pang'onopang'ono, apo ayi pansi pamalira khwee, iye n'kumva ngati wakhulika ndi iyeyo. Tayala lapadera atalitulutsa anaseka yekha, linali ngati la wilibala. Koma mafuta inkangonyambita. Pa tala inkayenda ngati ikusambira, osagwedeza mano, ndipo fumbi silinkalowa. Bondo linasiya kuwawa. Inali yachete moti nkhuku za anthu sizinkaithawa, ankachita kuziimbira hutala.

Tsiku lina akuchokera kumsika anamva kutentha kukukwera kuchokera m'ntchafu mpaka kumsana. Kunja kunali chisanu cha Juni, koma iye thukuta linayamba. Anakumbukira mmene amuna ake anagwera, n'kuganiza kuti nayenso yamupeza. Nanga akagwa iye, awiriwo adzawasamala ndani? Anakhotera kwa Lameck kuti amuthamangitsire kuchipatala. Lameck anasuzumira m'kati, n'kuloza kabatani kofiira pafupi ndi giya, kamene chikwama cha Ottilia chinali chitakadina.

"Simudwala, amai. Ni mupando. Kwao kuja kumazizira maningi, so mipando ili na moto."

Ottilia anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba inatenga nthawi kuti ileke. Lameck anapita kukapukuta masipanala amene anali oyera kale.

Zonsezi ankakawafotokozera a Chulu pakhonde, za mayi wa Chijapani, za mazira, za mpando wa moto. Iwo ankamvetsera maso ali kwina. Yasilivayo inkaima pansi pa mango pomwe pankaima inzake, koma sankaiyang'ana. Tsiku limodzi lokha anaiponyera diso n'kutulutsa liwu.

"Sopo."

"Mwati bwanji?"

"Sopo," anabwereza, n'kujambula m'malere ndi dzanja labwinolo kaonekedwe ka sopo wosambira wotha m'mbali.

Kukwera anakana.

Mwezi wa Julayi uli pakati, dzuwa lili pamutu, foni ya Ottilia inalira ali m'khola la nkhuku. Anali Hanifa, mawu ali m'mwamba.

"Amake Mercy, ndatitimira! Ndili kuseri kwa Vubwi, njira ya kumalire, pa kamtsinje kouma. Mchenga wafika m'mimba. Anthu akankha mpaka atopa. Kagiya kakang'ono kaja koyendetsa matayala onse anayi ndakoka monga anandiuzira Lameck, koma matayala akutsogolo angoti duu, akumbuyo okha ndiwo akukumba. Lameck sakuyankha, akuti ali kumaliro. Ndichite bwanji?"

Ottilia sankadziwa. Kagiya kameneko sanakagwirepo, chifukwa kumene iye ankayenda sikankafunika. Anathamangira kukhonde nthenga zili m'mutu, anakweza mawu a foni n'kuiika pa katebulo pafupi ndi a Chulu.

"Ndi amake Tahir. Atitimira mumchenga ndi galimoto ija."

A Chulu anayang'ana kumbali. Koma mufonimo munamveka injini, Hanifa akuyesanso, ikukuwa ngati ng'ombe yomangidwa miyendo. Nkhope ya a Chulu inasintha. Anawerama.

"Siyani!"

Liwulo linatuluka lonse, lamphamvu, moti Ottilia anadzidzimuka. Injini inazima.

"Abambo, ndi inu?" anatero Hanifa. "Ndikumva, nenani."

A Chulu anameza malovu. Milomo inagwedera kaye isanagwire mawu. "Tsi... tsikani."

"Ndatsika."

"Tayala... la kutsogolo. Pakati."

"Pakati pa tayala... pali chinthu chozungulira, chofiira, chadzaza fumbi."

"Po... po..." Liwu linakana. A Chulu anamenya tebulo ndi chikhatho, thukuta lili pamphumi. Ottilia anaona dzanja lawo likupota m'malere, ndipo liwulo linali kale pa lilime lake. Analimeza. Anagwira m'mphepete mwa mpando n'kudikira. Kutsidya kwa foni Hanifa, mayi wosadziwa kudikira, nayenso anadikira.

"Potokolani," anatero a Chulu. "Kumanja. Mpaka... chilire."

"Chalira! Chati kha!"

"Linalo... chimodzimodzi."

Anamuyendetsa choncho, liwu ndi liwu. Achotse mchenga kutsogolo kwa matayala. Aphwetse mpweya pang'ono. Atsitse matumba angapo. Aike giya yachiwiri, osati yoyamba, ndipo asaponde mafuta ngati akupha njoka. Pamenepa Hanifa anaseka, a Chulu nawonso mbali imodzi ya kamwa inakwera. Kenako injini inalira mofatsa, mozama, ndipo mufoni munadzaza mfuu ndi nthungululu.

"Alhamdulillah! Yatuluka, abambo! Yatuluka ngati ikuyenda pabwalo!"

Phokoso lisanathe panamveka mawu ena, a mwamuna wachikulire, akupempha foni.

"Pepani, kodi amene akulankhulawo si a Chulu a zaulimi? Galimotoyi ndaizindikira, koma ndimaopa kufunsa. Ndine Tobias, wa pa dimba la nzimbe, munkasiya galimoto pakhomo panga mukamakwera phiri."

"To... Tobias."

"Ndi inudi! Ife kuno tinamva zoti munadwala, ena mpaka ankati munatisiya. Nshawa zija munatiuza kuti tizibzala mizere iwiriiwiri, ndi zimene anyamula amayiwa. Mubwera liti mudzaone?"

A Chulu anatsegula pakamwa, koma ulendo uno liwu silinapezeke. Ottilia anatenga foni n'kuyankha kuti amva, ndipo a Tobias apereke moni kwa onse. Ataidula anabwerera kunkhuku, kuti amuna ake apukute m'maso popanda wowaona.

M'mawa mwake kunazizira kwambiri. Ottilia akutuluka ndi ndowa ya madzi a nkhuku anapeza a Chulu ataima pansi pa mango, atavala jekete, mabatani atasemphana, ndodo ili m'manja. Kuchokera pakhonde kufika pamenepo okha anali asanayendepo chidwalire.

"Tsegulani... sopoyu."

Ottilia anaika ndowa pansi. Anatsegula chitseko, anakankhira mpando m'mbuyo, n'kuima patali pang'ono, manja atawabisa m'chitenje kuti asawagwire. A Chulu anatembenuka pang'onopang'ono mpaka msana unaloza mpando. Anagwira chitseko. Anatsika, anatsika, n'kukhala. Mwendo wabwino unalowa wokha. Winawo anaugwira pabondo ndi dzanja lamanja, n'kuunyamula ngati kamwana ka mbuzi, n'kuulowetsa. Anapuma mwamphamvu. Kenako anakoka chitseko n'kutseka okha.

Ottilia anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anaima kaye pamenepo n'kunena mawu ochepa kwa Mulungu, n'kulowa. Mayi wa Chijapani anapereka moni wake. A Chulu anayang'ana uku ndi uku.

"Ndi amene ndinkakuuzani aja. Ayankheni."

"Hm," anatero a Chulu.

Ottilia anadina kabatani kofiira ka mbali yawo osanena kanthu. Asanafike pamsewu waukulu anaona amuna ake akusunthasuntha pampando, kenako akutsamira bwinobwino, mapewa akutsika. Chiuno chakumanzere, chimene chinkawasowetsa mtendere m'mawa uliwonse wa chisanu, anachikanikiza pofundapo.

"Musazimitse," anatero.

Kuchipatala mayi wa mafizo anawakalipira chifukwa chojomba, anaugwira mwendo, n'kunena kuti wauma koma sunatheretu, ntchito ilipo yambiri. A Chulu anavomera ndi mutu. Sabata yotsatira anapitanso, ndi inayonso.

Lamlungu lina Hanifa anabwera ndi thumba la nshawa lochokera kwa a Tobias. Anaimika yobiriwira ija pageti, itakalidwa ndi minga m'mbali, fumbi la ku Vubwi lili thoo. A Chulu anaizungulira ndi ndodo yawo, anagogoda matayala, n'kumuuza kuti atsegule kutsogolo. Anakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira, iwo akuloza, Hanifa akufunsa, mawu akutuluka movutikira koma akutuluka ndithu. Hanifa akunyamuka, a Chulu anaimenya pang'ono pamsana galimotoyo, monga amachitira munthu ndi ng'ombe imene wapereka kwa mnansi wabwino.

Kumapeto kwa Ogasiti, msewu utadzaza malole ndi mabasi a anthu opita ku mwambo wa Kulamba, a Chulu ananena okha kuti akufuna kukaona Mercy. Mercy anali ndi khanda, Pempho, lobadwa m'chisanu chomwecho, ndipo agogo ake aamuna anali asanalione.

Njira yonse ya ku Sinda a Chulu sanayang'ane minda. Ankayang'ana mapazi a mkazi wawo.

"Mwendo... umodzi basi?"

"Umodzi basi."

"Wakumanja?"

"Wakumanja."

A Chulu anayang'ana mwendo wawo wakumanja, anaugwedeza pang'ono, n'kuyang'ana kutsogolo ngati sananene kanthu.

"Musayambe, atate ake Mercy," anatero Ottilia. "Zoyendetsa galimoto, akadzavomera adokotala tidzaona. Panopa gwirani nthochi zopita kwa Mercyzo zisagwe."

Kanjira kolowera kwa Mercy kanali ndi ngalande, ndipo ngakhale Ottilia anaidutsa chopingasa, pansi panalira khwee. A Chulu anatsinzina ngati apondedwa chala. Mercy anatuluka akuthamanga, mwana ali kumsana, akuitana mwamuna wake kuti adzathandize kutsitsa atate. Ottilia anamugwira chitenje.

"Asiye."

"Amama, agwa!"

"Asiye, ndati."

Anatenga nthawi. Inayamba ndodo, kenako mwendo wolemera, kenako wabwino, kenako thupi lonse linadzuka n'kuima. A Chulu anakonza jekete, n'kuyang'ana mwana wawo amene anali atagwira pakamwa.

"Mpando," anatero. "Kenako... undipatse mwanayo."

Ottilia anawasiya pamthunzi, khanda lili mtulo pamiyendo pa agogo ake, n'kupita kuseri kwa nyumba kukaimba foni. Hanifa anayankha pakati pa phokoso la sikelo ndi matumba.

"Amake Tahir, tili ku Sinda. Atsika okha, Mercy akuona."

"Alhamdulillah. Mulungu ndi wamkulu, amake Mercy."

"Ndimati ndikuthokozeni."

"Muthokoze chiyani? Wothokoza ndine, chaka chino ndafika midzi imene sindinaipondepo. Koma mundiuze chilungamo, kalachi imeneyi munkaiponda bwanji? Bondo langa latupa ngati dzungu. Ndiye mafuta! A Sumani akuti ndinatenga galimoto yokhala ndi abale pa filingi siteshoni."

"Ndiye tibwezerane?"

"Mayi inu, musayerekeze n'komwe," anatero Hanifa. "Tadikirani, thumba landibowokera apa." Foni inaduka.

Ottilia anaima pang'ono akuseka yekha. Kenako anamva Mercy akumuitana kuti abwere adzamasulire, chifukwa atate akufunsa za munda wa thonje ndipo mkamwini sanamve bwino.

"Awafunsenso," anayankha Ottilia akubwera. "Abwereza okha."